Anthu opanda maudindo amene anatibweza kwathu ku Angónia

Pa 4 Okutobala chaka chilichonse kuno ku Mozambique sitipita kuntchito. Ndi tsiku la mtendere. Ku Ulónguè akuluakulu a boma amakaika nkhata za maluwa, ana asukulu amaimba, ndipo wailesi imatikumbutsa za tsiku lija mu 1992 pamene Pulezidenti Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, mtsogoleri wa gulu la Renamo limene linkamenyana ndi boma, anasaina pangano lothetsa nkhondo ku Rome n'kukumbatirana. Zonsezo n'zoyenera. Koma ine mtima wanga umakhala pa zaka zinayi zimene zinatsogolera ku tsikulo, pamene ambiri mwa amene ankayendetsa nkhani ya mtendere sanali mapulezidenti kapena nduna. Anali mabishopu, wansembe wachinyamata, mphunzitsi wa mbiri yakale, anthu amene analibe msilikali ngakhale mmodzi woti amulamule.

Chandilembetsa izi ndi mawu amene ndimamva kawirikawiri m'shapa (minibasi) ya ku Calómuè komanso pamsika pamene timagulitsa kachewere. Wailesi ikangonena kuti akuluakulu akale, atsogoleri a mipingo kapena anthu ophunzira a m'maiko osiyanasiyana akumana kwinakwake kukambirana za chitetezo cha dera lino, sipalephera kupezeka wina wonena kuti amenewo akungodya ndalama m'mahotela, ndipo palibe chimene angasaine. N'zoona kuti sasaina kanthu. Ine ndikuti kusasainako n'kumene kumawapatsa mphamvu, ndipo ndikunena izi ngati munthu amene anakulira kuchilendo chifukwa cha nkhondo.

Kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Domwe. Tinathawa mu 1986, usiku, amayi atasenza mtolo wa ziwiya, ine ndikukoka mbuzi imene sinafike n'komwe kumalire. Tinakakhala mbali ya Dedza, pamunda wa achibale a abambo, poti malire a kuno anadula mabanja pakati. Ena anakhala m'misasa ku Ntcheu, ku Mwanza, ku Nsanje. Pofika 1992 dziko la Malawi linali likusunga anthu a ku Mozambique pafupifupi 1 miliyoni, ndipo Angónia yathu yachondeyi inangotsala tchire, minda itamera tsekera. Ndinaphunzira sukulu ya ku Malawi, ndinadya ufa wachikasu ndi nandolo za chithandizo, ndipo Chipwitikizi ndinadzachiphunzira bwino ndili wamkulu kale.

Chaka chomwecho cha 1986 ndi pamene ndinaona mmene atsogoleri amalankhulira akakhala poyera. Mu Seputembala, Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anapita ku Blantyre kukakumana ndi Kamuzu Banda, kumuimba mlandu woti dziko lake likuthandiza Renamo. Atabwerera ku Maputo, Samora ananena pamaso pa atolankhani kuti akhoza kutseka malire ndi kuikapo mizinga yoloza ku Malawi. Ife tinali titangofika kumene, malire tikuwaona ndi maso. Akuluakulu madzulo ankanong'onezana kuti mizingayo ikayamba kulira tithawiranso kuti. Mwezi wotsatira, pa 19 Okutobala, Samora anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini. Mu Disembala maboma awiriwa anasaina mgwirizano wa zachitetezo, ndipo kenaka asilikali a Malawi anapita kukalondera njanji ya ku Nacala. Sindikunyoza Samora, anali ndi chifukwa chokwiyira. Chimene ndikuona n'chakuti mtsogoleri akaima patsogolo pa makamera, anthu ake akumumvetsera, sangalankhule china koma mphamvu. Akaonetsa kufewa, mawa anzake amudya.

Ndiye vuto linali pamenepo. Boma la Frelimo linali litanena kwa zaka zambiri kuti a Renamo, a Matsanga monga tinkawatchulira kumudzi, ndi zigawenga zonyamula zida, osati chipani, ndipo ndi zigawenga sukhala nazo pansi. Nduna iliyonse imene ikanapita kukakumana nawo ikanaoneka ngati yagulitsa dziko. Nawo a Renamo sankakhulupirira munthu aliyense wochokera ku Maputo. Panafunika munthu woti akapita n'kulephera, boma linene kuti silinamutume, akapita n'kupeza njira, boma lidzatsatire pambuyo.

Munthu ameneyo anali Jaime Gonçalves, Arkibishopu wa ku Beira. Mu 1988 anakwera ndege mwakachetechete kupita kutchire ku Gorongosa kukaonana ndi Dhlakama. Anali Mndau ngati Dhlakama yemwe, choncho ankatha kulankhulana m'chinenero cha kwawo popanda womasulira. Mu 1989 atsogoleri a mipingo, pakati pawo Kadinala Alexandre dos Santos ndi Bishopu wa Angilikani Dinis Sengulane, anakumana ndi a Renamo ku Nairobi. Chissano ankadziwa ndipo analola, koma iwo sanapite ngati nthumwi za boma. Anapita kukamva, n'kubwera nazo kwawo zimene anamvazo.

Mu Juni 1990 maboma anayesa kukonza msonkhano woti mbali ziwirizi zikumane maso ndi maso ku Blantyre. Zinakanika, sanakhale pansi n'komwe. Patangopita mwezi umodzi, mu Julaye, anthu omwewo anakhala pa tebulo limodzi ku Rome, m'nyumba yakale ya masisitere ku Trastevere, komwe kuli likulu la gulu la Sant'Egidio. Gululi linayamba mu 1968, ndipo ndi la akhristu wamba a Katolika amene ntchito yawo yodziwika inali kupemphera ndi kudyetsa osauka. Amkhalapakati anali anayi: Andrea Riccardi amene anayambitsa gululo, Bambo Matteo Zuppi amene lero ndi Kadinala ku Bologna, Gonçalves uja, ndi Mario Raffaelli woimira boma la Italy. Mbali ya boma inkatsogoleredwa ndi Armando Guebuza, ya Renamo ndi Raul Domingos.

Kukambiranako kunatenga miyezi 27, m'zigawo 11. Kwa ife amene tinali kuchilendo inali nthawi yaitali kwabasi. Malume anga, amene anali katekisiti kwathu tisanathawe, ankamvetsera wailesi madzulo aliwonse, ndipo tsiku lina anaizimitsa mwaukali.

"Mphwanga," anatero, "anthu awa akudya makaroni ku Rome, ife tikukwirira ana kuno."

"Nanga amalume, akasiya kukambirana, chitsale n'chiyani?"

Sanandiyankhe, koma mawa lake anayatsanso wailesi ija. Ukali wawo unali ndi maziko. Mu 1992 kunagwa chilala choopsa, anthu ankafa ndi njala mkati mwa dziko pamene ku Rome ankakanganabe za lamulo la zipani, za lamulo la chisankho, za gulu limodzi la asilikali 30,000 loti mbali iliyonse ipereke theka. Koma nkhani zimenezo n'zimene zikanabweretsanso nkhondo zikanasiyidwa. Ku Angola anasaina mofulumira mu 1991, anachita chisankho mu 1992, mfuti n'kuyambanso kulira chaka chomwecho. Kwathu kuno kuchedwa kuja kunatipulumutsa ku zimenezo.

Nchifukwa chiyani kanyumba ka ku Trastevere kanatha zimene maboma analephera ku Blantyre? Ndaiganizira nkhaniyi zaka zambiri, ndipo yankho langa ndalipeza pa chinthu chimene tonse a kuno timachidziwa, unkhoswe. Banja likavuta, mwamuna ndi mkazi sathamangira kubwalo la mfumu. Kubwalo kuli khamu, aliyense amafuna kuwina, ndipo mawu ukawanena pamenepo sungawabweze. Amayamba ankhoswe, usiku, m'nyumba, chitseko chotseka. Pamenepo munthu amatha kunena kuti "nanga nditavomera ichi, inu mungasiye icho?" popanda kumangidwa ndi mawu akewo. Amatha kuulula chimene akuopa. Nkhoswe alibe ndende yoti atsekeremo munthu, ndipo n'chifukwa chake onse awiri amamuuza zoona. A Renamo ankaopa kuti akatula zida adzaphedwa mmodzimmodzi, kapena adzasanduka anthu opanda pake m'dziko lawo lomwe. Mantha otere mtsogoleri wa asilikali sangawanene pamsonkhano wa atolankhani. Kwa wansembe amene wakhala naye pa chakudya miyezi yambiri akhoza kuwanena.

Sindikunena kuti anthu opanda maudindowo anamaliza okha. Pamapeto panafunika Mugabe, amene anathandiza kuti Chissano ndi Dhlakama aonane koyamba mu Ogasiti 1992. Panafunika ndalama za Italy, panafunika asilikali a United Nations amene anabwera kudzayang'anira kutula zida mpaka chisankho cha 1994. Kuseri kumatsegula njira, koma chidindo chimakhala ndi boma. Ife tinabwerera mu 1993, wapansi, n'kupeza mitengo itamera m'kati mwa nyumba yathu.

Phunziro lomweli linabweranso m'zaka zaposachedwa, ndipo ulendo uno linakhudza chigawo chathu cha Tete mwachindunji. Kuyambira 2013 boma ndi Renamo anayambananso. Ku Maputo nthumwi zawo zinakumana maulendo oposa 100, atolankhani akudikira pakhomo, mbali iliyonse ikutuluka n'kunena kuti inayo ndiyo ikukana. Mu 2016 kunabwera gulu lalikulu la amkhalapakati ochokera kunja, Raffaelli yemwe uja ali pakati pawo, ndipo pakutha pa chaka anabwerera kwawo chimanjamanja. Nthawi yonseyo anthu a ku Moatize, mbali ya Nkondezi, ankathawira ku Kapise m'boma la Mwanza, oposa 10,000, ndipo ena anadzawasamutsira kumsasa wa Luwani ku Neno, msasa womwe unasunga makolo awo pankhondo yoyamba ija. Nditamva dzina la Luwani pawailesi thupi langa linazizira.

Chimene chinaletsa mfuti chinali foni. Kumapeto kwa Disembala 2016 Pulezidenti Filipe Nyusi ndi Dhlakama analankhulana awiriwiri, Dhlakama n'kulengeza kuti asilikali ake ayamba aleka kumenya. Mu Ogasiti 2017 Nyusi anapita yekha kuphiri la Gorongosa kukamuona, anthu n'kudzamva zitachitika kale. Amene ankayenda pakati pawo anali kagulu kochepa kotsogoleredwa ndi Mirko Manzoni, kazembe wa Switzerland, kosalankhulalankhula ndi atolankhani. Dhlakama anamwalira pa 3 Meyi 2018 nkhani isanathe, koma njira inali itapondeka kale, moti Ossufo Momade, amene analowa m'malo mwake, anasaina pangano la mtendere ndi Nyusi pa 6 Ogasiti 2019. Msasa womaliza wa asilikali a Renamo, ku Vunduzi, unatsekedwa mu Juni 2023.

Palinso nkhani ya nyanja, imene Malawi ndi Tanzania akhala akukanganirana malire ake. Mu 2012 mawu atayamba kutentha, anaipereka kwa atsogoleri opuma, Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae. Mpaka lero sinathe. Koma palibe bwato la nkhondo limene lawombera linzake, ndipo asodzi akupitabe panyanja.

Tsopano ndinene mbali imene imandiwawa, chifukwa kukambirana kwa kuseri kuli ndi mtengo wake, ndipo amene amalipira nthawi zambiri ndi amene sanalowe m'chipindamo. Mu Disembala 1990 ku Rome anagwirizana kuti asilikali a Zimbabwe azingokhala m'njira ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Limpopo. Pa pepala chinali chipambano choyamba cha zokambiranazo. Kuno kwathu zinatanthauza kuti asilikali aja analeka kuperekeza magalimoto pamsewu wochokera ku Nyamapanda kudzera mu Tete mpaka ku Zóbuè, ndipo msewuwo unasanduka wa imfa. Madalaivala anafa, katundu wopita ku Malawi anayamba kuzungulira ku Zambia. Mukanakhala m'chipinda muja munthu mmodzi wa ku Zóbuè, akanafunsa kuti nanga msewu wathu mwauganizira?

Chinanso, pangano la 1992 linatsatidwa ndi chikhululukiro cha onse. Palibe amene anaimbidwa mlandu, palibe bwalo limene linakhala kuti anthu anene zimene zinawachitikira. Ku Chapotera, kufupi ndi Lifidzi, ansembe awiri a chiJezuiti, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anatengedwa usiku n'kuphedwa pa 30 Okutobala 1985. Amenewo mayina awo akukumbukiridwa chifukwa mpingo umasunga mbiri. Mchimwene wawo wa amayi anga anatengedwa kumunda n'kusowa, ndipo amayi anamwalira osadziwa amene anamutenga ngakhale pamene anagona. Akuluakulu anakhululukirana m'malo mwawo osawafunsa. Ndimavomereza kuti mwina popanda chikhululukirocho a mfuti sakanatula zida. Koma sindingalembe ngati kuti chinali chaulere.

N'chifukwa chake ndikamva za misonkhano ya chitetezo cha dera lino, pempho langa silakuti ileke. Ndikufuna ichuluke, iyambe msanga zinthu zisanapse, ndipo anthu a m'malire alowemo. Ntchito imeneyi ife timaidziwa kale. Pa Lizulu msewu waukulu wa ku Malawi ndiwo malire, mbali ino Mozambique, mbali iyo Malawi, ndipo mayi wogulitsa kabichi amalandira metikali ndi kwacha m'thumba limodzi. Maliro a tsidya lino amalira ndi a tsidya ilo. Chaka chilichonse mu Ogasiti mafumu a Chichewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakumana ku Mkaika, ku Katete, pamwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Angoni a kwa Maseko a kuno ndi a ku Ntcheu ndi mtundu umodzi, ndipo ku Umhlangano kwa Inkosi Gomani amapita onse. Pamalo ngati amenewa anthu a maiko atatu amakhala pamphasa imodzi popanda wofunsa pasipoti.

Ndinaonapo ndi maso anga mmene zimathandizira. Chaka china ng'ombe zinabedwa m'mudzi wina wa kuno, mapazi ake n'kulowera tsidya la Malawi. Anyamata anasonkhana ndi zikwanje kuti akazitenge okha. Akanapita, magazi akanakhetsedwa, apolisi a mbali zonse akanabwera ndi mfuti, ndipo nkhani ya ng'ombe ikanasanduka nkhani ya maiko awiri. Nyakwawa yathu inawaletsa, n'kutuma mkulu wa mpingo amene mkazi wake ndi wa m'mudzi wa tsidyalo. Mkuluyo anapita panjinga, anakafikira kwa apongozi ake, anadya nsima, ndipo nkhani anaiyamba madzulo. Mfumu ya kumeneko inati, "Pitani mukawauze achimwene anga kuti asunge ana awo, ine ndifufuza anga." Ng'ombe zambiri zinabwera, wakubayo anaperekedwa kupolisi ya kwawo. Palibe kalata imene inalembedwa, ndipo ku Maputo ndi ku Lilongwe sanamve n'komwe.

Maiko athuwa alumikizana kwambiri moti moto wa mnzako ndi wako. Malasha a ku Moatize amapita ku doko la Nacala panjanji yodutsa m'kati mwa Malawi. Mafuta ambiri a galimoto a ku Malawi amachokera ku Beira n'kuwoloka Zambezi pa Tete. Nthambo za magetsi zochokera ku Matambo kupita ku Phombeya nazo zikumanga maiko awiriwa pamodzi. Tinaziona bwino chitatha chisankho cha pa 9 Okutobala 2024: zionetsero zitabuka, misewu inatsekedwa, magalimoto a mafuta anaima, ku Malawi mizere pamalo omwetsera mafuta inatalika, ndipo mu Disembala anthu masauzande anawolokera ku Nsanje kuthawa. Achinyamata ambiri anafa m'misewu ya m'mizinda yathu. Pulezidenti Daniel Chapo ndi Venâncio Mondlane, amene anapikisana naye n'kukana zotsatira za chisankhocho, anadzakumana mu Malichi 2025, ndipo zinthu zinayamba kuzizira. Funso limene limandisowetsa tulo n'lakuti, kukumana kumeneko kukanachitika mu Novembala, ndi ana angati akanakhala moyo lero? Panalibe munthu amene mbali zonse zinkamukhulupirira ndipo anali atakonzeka kale. Gonçalves anamwalira mu 2016. Kukhulupirirana kotere sikupangidwa tsiku limene moto wayaka, kumamangidwa zaka za mtendere, pamisonkhano yomwe ija anthu amati ndi yongodya ndalama.

Ku Cabo Delgado, kumpoto kwa dziko lathu, nkhondo inayamba pa 5 Okutobala 2017 ku Mocímboa da Praia. Mu 2021 kunabwera asilikali a Rwanda ndi a SADC, a SADC n'kuchoka mu 2024, ndipo anthu akuthawabe m'midzi yawo. Anyamata a kuno ku Angónia amene analowa usilikali akutumizidwa kumeneko, ena abwera m'mabokosi. Ndikudziwa kuti amene akupha anthu kumeneko achita zinthu zoopsa zosaneneka, ndipo sindikuti asilikali achoke. Koma ndimakumbukiranso kuti mu 1987 munthu akanati tikambirane ndi a Matsanga akanatchedwa mdani wa dziko. Ambiri mwa anyamata amene ali m'tchire la ku Macomia ndi ana a m'midzi ya komweko, ali ndi amayi awo, amalume awo, mashehe amene anawaphunzitsa ali ana. Ena mwa akuluakulu amenewo ali ndi abale tsidya la Rovuma, ku Mtwara, monga mmene ife tilili ndi abale ku Dedza. Ngati njira ilipo, idzera mwa anthu otere, ndipo boma liyenera kuwalola kuti ayende popanda kuwaopseza kuti akuthandiza zigawenga.

Kuno kwathu ndikanakonda chinthu chaching'ono chotheka. Mafumu akakumana ku Mkaika kapena ku Ntcheu, pakhale tsiku limodzi, magule atatha, loti mafumu a m'malire, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, amalonda a chimanga ndi feteleza, ndi akuluakulu a polisi a mbali zonse atavula yunifolomu, akhale pansi popanda atolankhani. Nkhani zoti akambe zilipo kale: ng'ombe zobedwa, minda imene miyala ya malire inaidula pakati, chimanga chimene chimalandidwa boma lina likatseka malire chaka cha njala, odwala a kuno amene chipatala chawo chapafupi chili tsidya ilo, ndiponso kumene anthu angafikire ndi amene angawalandire ngati chisankho chikubwerachi chitavutanso.